Nkhongole Imene Simukuidziwa

Mwezi uno tikambirane za vuto limene lafika kangapo konse m'makalata anu, ndiponso limene timalimva anthu akunong'onezana potuluka m'chalichi. Munthu apita ku banki kukapempha nkhongole ya feteleza, kapena ya fizi ya mwana wa ku koleji, atanyamula mapepala onse amene anamuuza kuti abweretse. Kalaliki ayang'ana pa kompyuta, akhala cete kanthawi, kenaka anena motsitsa mau kuti: "Pepani, dzina lanu lili ku CRB." Akafunsa cifukwa cake, amuuza kuti ali ndi nkhongole imene sanalipire ku banki ina kapena ku kampani ina yokongoza ndalama. Iye sakumbukira kuti anakongolako cinthu kumeneko. Mwina ngakhale khomo la banki yochulidwayo sanapondepo kwa zaka zambiri.

Ambiri akamva mau amenewa amagwidwa ndi manyazi. Taonapo bambo wa ulemu wake akuthamangira kwa a kaloba kuti alipire msanga ndalama imene sanaigwirepo m'manja, poopa kuti nkhani ingafike kwa amai kunyumba kapena kwa akuluakulu a kunchito. Alipo enanso amene amangokalipira kalaliki wosalakwayo, nabwerera kwao akunena kuti zimenezo ndi za mabanki, iwo sizikuwakhudza. Woyambayo walipira cimene mwina sicinali cake, ndipo winayo wasiya dzina lake lili lodetsedwa mpaka tsiku limene adzalifunitsitse. Ife tikuti wonena kuti muli naye nkhongole ndiye ayenera kuionetsa poyera, ndipo kumupempha kuti atero si mwano ai, ndiponso sikutsutsana ndi cikhristu.

Tiyambe tadziwa cimene anthu amacha CRB. Ndi bungwe losunga mbiri ya nkhongole za anthu. Kuno ku Zambia bungwe loyamba lotere linalandira cilolezo kucokera ku Bank of Zambia mu 2006, ndipo ndi lomwelo limene masiku ano limadziwika ndi dzina lakuti TransUnion. Kumapeto kwa 2008 Bank of Zambia inalamula mabanki ndi makampani okongoza ndalama amene imawayang'anira kuti azipereka mbiri ya okongola ao ku bungwelo, ndi kuti aziyamba aonako asanapereke nkhongole yatsopano. Mu 2018 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lapadera la nchito imeneyi, lochedwa Credit Reporting Act.

Bungweli silikongoza munthu ndalama, ndipo siliweruza mlandu. Limalemba zimene okongozawo alitumizira. Si buku la akuba monga ena amaganizira, pakuti ngakhale wolipira mokhulupirika mwezi ndi mwezi dzina lake lilimo, ndipo mbiri yake yabwinoyo imamuthandiza. Cinthu coyenera kucigwiritsa ndi ici: ngati kalaliki wa ku banki walakwitsa nambala imodzi, kulakwitsako kumalowa m'kaundula monga momwe kuliri, ndipo wokongoza aliyense amene adzatsegule mbiri yanu adzakuwerenga ngati zoona. Iye sakudziwani, sadziwa kuti ndinu msungicuma wa mphakati wanu kwa zaka khumi popanda ngwee kusowa. Aona mzera umodzi wokha wonena kuti simunalipire.

Nanga nkhongole yosadziwika imacokera kuti? Kawirikawiri imabadwa m'akaunti yoiwalika. Munthu anatsegula akaunti pamene anali kugwira nchito ku Lusaka kapena ku migodi, nchito itatha anatapa ndalama zonse nabwerera kumudzi. M'maganizo mwake akauntiyo inatha. Koma ku banki akaunti siitha cifukwa cakuti mwasiya kuigwiritsa nchito. Imatha pamene mwiniwake waitseka molemba. Conco malipiro a mwezi ndi mwezi osungira akaunti anapitirira kudulidwa pa akaunti yopanda kanthu, ciwerengero cinatsika pansi pa ziro, pamwamba pake panabwera ciwongoladzanja, ndipo patapita zaka kanthu kakang'ono kanasanduka cimtolo. Makalata a cenjezo, ngati analembedwa, anapita ku bokosi la positi la kampani imene inatsekedwa kalekale.

Apa pali mfundo yothandiza. Mu September 2018 Bank of Zambia inaletsa malipiro angapo amene inawaona kuti ndi osayenera, ndipo pakati pao panali malipiro otsekera akaunti ndi malipiro oidzutsira ikakhala kuti inagona. Tsono amene amaopa kutseka akaunti yakale poganiza kuti adzamulipiritsa alibe cifukwa coopera. Ndipo amene auzidwa kuti nkhongole yake yonse ndi ya malipiro a banki okhaokha ali ndi ufulu wofunsa kuti malipiro ake ndi ati, anadulidwa liti, ndipo kodi ena mwa iwo sali m'gulu la oletsedwawo. Kwa amene akaunti yao ndi yakale kwambiri tiwonjezeko kuti ayang'anitsitse ziwerengero. Pa 1 January 2013 kwacha inacotsedwa maziro atatu, kotero kuti K500,000 ya kale ndi K500 ya tsopano. Musavomere nambala musanafunse kuti yalembedwa m'ndalama iti.

Gwero lina, limene ife timaliona kuti ndi lowawitsa mtima koposa, ndi la odulidwa ndalama pa malipiro ao. Mphunzitsi, namwino kapena wanchito wa kukhonsolo atenga nkhongole yolipira kudzera kwa womulemba nchito. Mwezi uliwonse pesilipi yake ionetsa kuti ndalama yadulidwa, ndipo banja lamva kudulidwako pa mphika. Koma womulemba nchitoyo acedwa kutumiza ndalamazo kwa wokongoza, mwina miyezi ingapo. Kwa wokongoza, amene sanalipire ndi mphunzitsi uja, ndipo dzina lake ndilo lipita ku CRB. Mu 2019 dandaulo limeneli linamveka kwambiri pakati pa anchito a boma. Munthu wotere analipira kale ndi thukuta lake, ndipo umboni wake uli m'mapesilipi. Tsoka lake n'lakuti ambiri mapesilipi amayatsira mbaula.

Palinso njira zina zimene tingozichula mwacidule. Wina anasaina ngati woimira mnzake wa kunchito zaka zapitazo, naiwala, mnzakeyo n'kuleka kulipira. Wina anataya citupa cake ca NRC, kapena anapereka fotokope yake kwa munthu wolonjeza nchito, ndipo wakuba anakongolera dzina lake. Wina analembetsa nambala ya foni m'dzina lake n'kupatsa mwana kapena mphwake, ndipo mnyamatayo wakhala akutenga tinkhongole ta pa foni usiku makolo ali mtulo. Ndiponso tisaiwale kuti kwathu kuno maina amafanana kwambiri. M'parishi imodzi mungapezeke a Joseph Phiri asanu ndi a Mary Banda khumi, ndipo nambala imodzi ya citupa ikalembedwa molakwa, mtolo wa wina ugwera mnzake.

Mwaona kuti mwa zimenezi zina ndi nkhongole zenizeni, ngakhale mwini wake anaziiwala. Woimira mnzake amene anasaina ndi dzanja lake sangathawe ponena kuti ndalamazo sanadyeko. Mpingo umaphunzitsa momveka, pofotokoza lamulo lacisanu ndi ciwiri, kuti mapangano oyenera asungidwe ndi kuti nkhongole zibwezedwe. Sitikulemba nkhani ino kuti tipatse pobisala anthu okana zimene anakongola. Koma cilungamo comweco cimene cimatikakamiza kubweza cimakakamizanso wokongoza kuonetsa m'mene nkhongoleyo inayambira ndi m'mene inakulira. Kulipira cinthu cimene simunacimvetse si kudzicepetsa. Ndi kutenga cakudya ca ana anu n'kucipereka kumene mwina sicifunika, ndiponso kusiya colakwa m'mabuku kuti mawa cigwere munthu wina.

Coyamba cocita ndi kuona mbiri yanu ndi maso anu. Musakhutire ndi zimene kalaliki wakuwerengerani pa kompyuta yake. Lamulo la 2018 limakupatsani ufulu woona zimene zalembedwa za inu ndi kutsutsa zimene zili zolakwa, ndipo lipoti limodzi pa caka mungalandire popanda kulipira. Pemphani ku bungwe losunga mbirilo, mutatenga citupa canu. Mukalilandira, khalani pansi ndi kuliwerenga modekha: dzina, nambala ya NRC, tsiku lobadwa, dzina la wokongoza, nambala ya akaunti, tsiku limene inatsegulidwa, ndi ndalama imene akuti yatsala. Nthawi zina mlandu umathera pomwepo, mukaona kuti akauntiyo inatsegulidwa ku Kitwe m'caka cimene inu munali kuphunzitsa ku Lundazi.

Kenaka lemberani wokongozayo kalata. Tikubwereza mau akuti kulemba, cifukwa anthu athu amakonda kukamba pakamwa, ndipo amabwerera kunyumba okondwa cifukwa bwana wina wa nkhope yabwino wawauza kuti adzaona. Bwanayo mwezi wamawa asamutsidwa, ndipo wolowa m'malo mwake sadziwa kanthu. Kalata ikhale yaifupi ndi yaulemu. Munenemo kuti nkhongole yakutiyakuti simukuivomereza, ndipo mupemphe kuti akupatseni kope la pangano limene munasaina, sitetimenti ya akauntiyo kuyambira tsiku loyamba mpaka lero, tsiku limene akuti munaleka kulipira, ndi kugawa kwa ndalamayo kuti muone imene munakongola, ya ciwongoladzanja ndi ya malipiro ena. Mufunsenso kuti cenjezo anakutumizirani liti ndipo analitumiza kuti. Lembani makope awiri. Limodzi musiye, linalo akudindireni cidindo ca tsiku limenelo ndipo mubwerere nalo. Ngati ndinu wodulidwa pa malipiro, phatikizani mafotokope a mapesilipi, ndi kalata ya ofesi yolipira anchito yotsimikiza kuti ndalama zinadulidwa. Mapepala enieni asacoke m'manja mwanu. Ngati mukhulupirira kuti wina anagwiritsa nchito citupa canu, yambani mwakanena ku polisi kuti mukhale ndi lipoti lao.

Nthawi yomweyo lemberaninso bungwe losunga mbiri, kuliuza kuti mzera wakutiwakuti mukuutsutsa. Ilo liyenera kufufuza kwa amene anatumiza mbiriyo, ndipo zikapezeka kuti ndi zolakwa ziyenera kukonzedwa. Ena amalembera bungwe lokha naiwala banki, koma kumeneko kuli ngati kukolopa madzi m'nyumba denga likudonthabe, pakuti mwezi wotsatira banki idzatumizanso nambala yomwe ija.

Pali msampha umene tifuna kuti muusamale kwambiri. Wotolera nkhongole akaimba foni amakonda kunena kuti: "Ingolipiraniko kangacepe, bambo, kuti tione kuti muli ndi mtima wofuna kulipira, zina tidzakambirana." Mau ake ndi okoma, koma kangacepe kameneko kali ndi tanthauzo lalikulu pa lamulo. Dziko lathu limatsatira lamulo la ku England la 1939 lonena za malire a nthawi yosumira milandu. Mwa lamulo limenelo, nkhongole wamba ya pangano, yopanda cikole ca nyumba kapena malo, iyenera kusumiridwa kukhoti zisanathe zaka 6 kucokera pamene inayenera kulipiridwa. Koma wokongola akalipirako mbali ina, kapena akasaina kalata yovomera kuti nkhongoleyo ndi yake, zaka zija ziyambanso kuwerengedwa mwatsopano. Kuposa apo, amene walipirako adzavutika kufotokoza pambuyo pake kuti nkhongoleyo sanali kuidziwa. Sitikunena kuti Mkhristu amene akudziwa mumtima kuti anakongola adikire zaka 6 kuti apulumuke, pakuti cikumbumtima siciwerenga kalendala. Tikunena za nkhongole imene simunaione umboni wake. Pa imeneyo musalipire ngwee, ndipo musasaine pepala lililonse, kufikira mapepala munapempha aja atafika.

Samalaninso ndi anthu amene amalonjeza kuti adzafafaniza dzina lanu ku CRB mukawapatsa kenakake. Mbiri yoona sangaicotse, ndipo mbiri yabodza mukhoza kuitsutsa nokha. Cimene iwo amacotsa ndi ndalama ya m'thumba mwanu, ndipo mwawapatsanso fotokope ya citupa canu.

Banki iliyonse iyenera kukhala ndi njira yolandirira madandaulo a makasitomala ake. Ngati masabata apita popanda yankho, kapena yankho lao ndi lakuti kompyuta ndiyo ikutero, pitani nayo nkhani ku Bank of Zambia, imene imayang'anira mabanki, makampani okongoza ndalama ndi bungwe losunga mbiri lomwe. Ili ndi maofesi ku Lusaka ndi ku Ndola, ndipo kalata imafika ngakhale inu muli ku Chadiza. Liliponso bungwe la boma loteteza ogula, la Competition and Consumer Protection Commission. Kulikonse kumene mupite adzakufunsani ngati munayamba mwadandaula kwa wokongozayo, ndipo apa ndi pamene kalata yodindidwa ija imakuyankhulirani. Amene kulemba kumawavuta asacite manyazi kupempha thandizo kwa a Cilungamo ndi Mtendere a m'parishi, kapena kwa mphunzitsi wopuma wa mu mphakati mwao. Akulu anati safunsa anadya phula.

M'buku la Tobiti muli nkhani imene timaiwerenga kawirikawiri cifukwa ca mngelo Rafaele ndi ukwati wa Tobiya ndi Sara, koma timaiwala cimene cinayambitsa ulendowo. Tobiti anasungitsa matalente 10 a siliva kwa Gabaele ku dziko la Mediya, ndipo panapita zaka 20. Mwana wake Tobiya sanali kumudziwa Gabaele, ndipo Gabaele sanali kumudziwa mnyamatayo. Cimene cinawagwirizanitsa ndi cikalata cimene akulu awiriwo analemberana pa tsiku losungitsa, ndipo Tobiti anacisunga pa zaka zonse za umphawi ndi khungu lake. Anthu awiri oopa Mulungu, apacibale, sanaone kuti kulemberana ndi kusakhulupirirana. Ife timasunga bwino kalata ya ubatizo ndi ya ukwati m'sutukesi. M'menemo muyeneranso kukhala pangano la nkhongole iliyonse, malisiti, mapesilipi, ndi kalata ya banki yonena kuti mwatsiriza kulipira kapena kuti akaunti yatsekedwa.

Ndipo mwamuna ndi mkazi adziwitsane za mapepala amenewa. Timamva cisoni ndi amai amasiye amene maliro atangotha alandira foni yowauza za nkhongole ya malemu amuna ao imene sanaimvepo. Ambiri amagulitsa mbuzi ndi makina osokera cifukwa ca mantha. Adziwe kuti nkhongole ya womwalira imalipiridwa kucokera pa cuma cimene wasiya, kudzera mwa woyang'anira cuma ca masiye, ndipo siisamukira pa dzina la mkazi ngati iye sanasaine nao. Nkhongole zambiri za ku banki zimakhalanso ndi inshuwalansi yolipira zotsala wokongola akamwalira, imene malemuyo anali kuilipira pamodzi ndi nkhongoleyo. Wamasiye afunse za inshuwalansi imeneyo molemba, atapereka kope la cikalata ca imfa, asanagulitse ngakhale nkhuku.

Sitingatsirize osayankhula ndi abale athu amene amagwira nchito m'mabanki ndi m'maofesi olipira anchito, pakuti ambiri timakhala nao pa benchi imodzi pa Misa. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa 1992, pofotokoza lamulo lacisanu ndi citatu, amaphunzitsa kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa mbiri yake yabwino, ndi kuti woiwononga mopanda cilungamo ali ndi udindo woikonza. Tinazolowera kuganiza kuti lamulo limeneli likunena za miseche ya pa cigayo. Koma miseche ya pa cigayo imafika mudzi umodzi kapena iwiri, pamene mzera wolakwa m'kaundula umawerengedwa ndi wokongoza aliyense kucokera ku Livingstone mpaka ku Nakonde. Kalaliki amene waona kuti fayilo ya munthu ili ndi colakwa, naikankhira pansi pa mafayilo ena cifukwa kuikonza n'kotopetsa, asaganize kuti nkhaniyo ndi ya kompyuta. Cimodzimodzi wolemba anthu nchito amene wadula ndalama pa malipiro a wanchito naigwiritsa nchito ina, ngakhale akhale sukulu kapena cipatala ca Mpingo, wasunga cimene si cake ndipo waika mnzake pa mlandu.

Akuluakulu akumbukira kuti mu 1998 mipingo ya m'dziko muno inagwirizana kuyambitsa Jubilee 2000, pamene dziko lathu linali ndi nkhongole yakunja ya madola pafupifupi 7 biliyoni. Tinasaina mapepala pa makomo a machalichi, ndipo tinafunsa maiko olemera ndi atsogoleri athu omwe kuti anakongola ndani, anasaina ndani, ndipo ndalamazo zinagwira nchito yanji. Mu 2005 mbali yaikulu ya nkhongoleyo inayamba kukhululukidwa. Timadabwa kuti anthu omwewo amene analimba mtima kufunsa mabungwe a ku Washington amanjenjemera pamaso pa kalaliki wa msinkhu wa mwana wao.

Tsono nkhani ikafufuzidwa, ikhoza kutha m'njira zosiyana. Mapepala akaonetsa siginecha yanu ndi ziwerengero zolondola, vomerani, pemphani kulipira pang'onopang'ono monga mungathere, ndipo pangano latsopanolo lilembedwe. Akaonetsa kuti mbali ina ndi yanu koma ina ndi malipiro osayenera, lipirani yanuyo ndi kupitiriza kutsutsa inayo. Akalephera kuonetsa pangano, kapena akavomera kuti analakwitsa, musacoke ndi pepani wapakamwa. Pemphani kalata yodindidwa yonena kuti mulibe nao nkhongole, ndi kuti adziwitsa bungwe losunga mbiri. Patapita mwezi umodzi kapena iwiri, pemphaninso lipoti lanu kuti muone ngati mzera uja wakonzedwadi, cifukwa zimacitika kuti banki yakonza m'mabuku ake koma ku kaundula sinatumize. Ngati sunakonzedwe, tumizani kope la kalata ija ku bungwelo ndi ku Bank of Zambia, mutalemba pamwamba tsiku limene munadandaula koyamba.